Kachingwe ndi Makomo Awiri

Mwamuna wa mwana wa mlongo wanga timamutchula Kachingwe. Dzina la makolo ake analo, koma pashopu palibe amene amalivutikira, chifukwa chiyambire tsiku limene anabwera kudzatilumikizira makompyuta, sitinamuonepo wopanda chingwe chabuluu m'khosi. Amachikoleka ngati dokotala. Anthu amanena kuti ngakhale pa ukwati wake anachivala. Limenelo ndi bodza, ine ndinalipo. Chinali m'thumba la jekete.

Shopu yathu ndi yosindikiza makalendala, makadi ndi timabuku. Anaisiya malemu mlamu wanga m'manja mwa ana ake awiri aakazi, amene ndiziwatchula kuti Wamkulu ndi Wamng'ono monga timachitira pakhomo. Ili ndi zipinda ziwiri. Cha kumsewu ndi cha Wamkulu, muli kauntala, benchi ya makasitomala, makompyuta atatu ndi fani imene imazungulira ikafuna. Cha kuseri ndi cha Wamng'ono, muli makina aakulu osindikizira, zitini za inki ndi kompyuta imodzi yamtundu wina imene inabwera pamodzi ndi makinawo. Pakati pali khomo lopanda chitseko. Ine ndimakhala pambali pa khomolo ndi mpeni wanga wodulira mapepala, choncho khutu lina limamva za kumsewu, lina za kuseri. Zimene ndilembe pano sindinachite kuuzidwa.

Kachingwe anakulira pa tebulo la bambo ake, amene ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ya munthu wina. Anayamba ndi kuwagwirira tochi, kenako anaphunzira mafoni, kenako makompyuta. Manja ake ndi abwino, ndipo sindinamvepo kuti wabweza chinthu cha mwini chitachepa zomangira. Chilema chake n'chimodzi: mawu akuti ayi sanawaphunzire. Ukamuuza kuti kunja kukutentha amavomera. Wina akabwera pomwepo n'kunena kuti kukuzizira, amati nayenso anayamba kumva choncho. Ntchito imene tinamuitanira inali ya m'mawa umodzi, koma anaikoka mpaka mvula inabwera n'kupita, ndipo chingwe chovuta nthawi zonse chinkapezeka cha kuseri kumene kunali Wamng'ono. Pomaliza tinaona kuti n'kwapafupi kungomupatsa mkaziyo kusiyana n'kudikira kuti amalize.

Asanabwere iye, ntchito inkachoka kumsewu kupita kuseri pa fulashi, kachipangizo kakang'ono konyamulira mafayilo. Mafulashiwo ankasowa, ena ankachapidwa m'matumba a zovala, ina inagwera m'chitini cha inki. Kachingwe anati tigule bokosi limodzi losungiramo mafayilo onse, aliyense azitenga ndi kubwezera momwemo kudzera pa chingwe. Analiika pamwamba pa kabati, lakuda, msinkhu wa buledi, ndi timagetsi tophethira. Akazi awiriwo anavomera, koma aliyense ndi lamulo lake. Wamkulu anati makompyuta ake asasinthidwe kalikonse. Wamng'ono anati yake ikangokhudzidwa, makina aima ndipo aima pamutu pa wokhudzayo.

Apa ndiye panagona nkhani. Makompyuta a kumsewu ali ndi njira yawo yopemphera fayilo m'bokosi, ya kuseri ilinso ndi yake, ndipo njira ziwirizi sizinakulire pamodzi. Kachingwe amazitchula kuti SMB ndi NFS. Ine ndimangoti khomo la kumsewu ndi khomo la kuseri, ndipo iye anavomera kuti ndi momwemo, ngakhale kuvomera kwa Kachingwe si umboni. Anatsegula makomo onse awiri olowera m'chipinda chimodzi, n'kuuza mkazi aliyense pambali kuti bokosilo kwenikweni analikonzera iyeyo.

Vuto loyamba silinachedwe. Fayilo imene Wamng'ono wasunga, ikafika kumsewu inkaoneka kuti mwini wake ndi munthu wosadziwika, ndipo kompyuta inkauza Wamkulu kuti alibe chilolezo choisintha. Akuti khomo la kumsewu limadziwa anthu ndi mayina pamene la kuseri limawadziwa ndi manambala, ndiye bokosi silinkazindikira kuti nambala yakuti ndi mwana wa yani. Wamkulu anaima pakati pa shopu n'kufunsa ngati m'nyumba ya bambo ake mwalowa chinthu chimene chingamufunse iyeyo chilolezo. Kachingwe anathamanga n'kupatsa aliyense chilolezo cha chilichonse. Mtendere unabwera, wa mtundu umene umabwera munthu akazula maloko onse m'nyumba chifukwa kiyi wina wavuta.

Kenako zinthu zokonzedwa zinayamba kubwerera mwakale. Kasitomala asintha nambala ya foni pa khadi lake, Wamkulu akonza mwiniwakeyo akuona, koma posindikiza itulukanso yakale. Mawu ochotsedwa ankapezeka atakhala pamalo pawo ngati sanachokepo. Wamkulu anayamba kunena kuti mng'ono wake amafufuta ntchito yake dala. Mkangano wa awiriwa si wa lero. Wamng'ono amati mkulu wake alibe diso la mitundu, chofiira chake chimakhala ngati cha njerwa yosapsa. Wamkulu amati mng'ono wake amamva makina okha, munthu akamalankhula samumva. Onse awiri amanena zoona, n'chifukwa chake zimawapweteka.

Tsiku lina ndinamukokera Kachingwe pa tebulo langa n'kumuuza kuti andifotokozere. Anayambira kutali, ku mbiri ya makompyuta, ndipo ndinamudula.

"Amalume, zili chonchi," anatero. "Ya kumsewu ikatsegula fayilo imakhoma, ngati munthu akalowa m'bafa. Inzake ya kumsewu ikabwera imapeza pokhoma, imadikira. Koma ya kuseri imalowera khomo lina. Loko wa uku siimuona."

Ndinamufunsa kuti bafa la makomo awiri analiona kuti. Anati limenelo ndi funso labwino. Anapitiriza kuti akazi awiriwo akatsegula fayilo imodzi nthawi imodzi, aliyense amagwira zake osadziwa kuti mnzake alimo, ndipo womaliza kusunga ndi amene zake zimakhala. Za woyambayo zimakwiririka popanda wolira.

Ndinamuuza kuti akawauze zimenezo. Anawauzadi, koma aliyense payekha. Kwa Wamkulu ananena kuti khomo la kuseri ndi losamva. Kwa mkazi wake ananena kuti la kumsewu ndi lodzikonda. Aliyense anachoka pamenepo atakhutira kuti wolakwa ndi mnzake, tsopano ndi umboni wa katswiri. Kenako anakhazikitsa lamulo lakuti wotsegula fayilo azikuwa pakhomo la pakati kuti watsegula. Makina akamalira kuseri, ngakhale galimoto itaomba khoma sungamve. Anandipempha kuti ineyo ndizifikitsa mawuwo, poti ndimakhala pakhomo. Ndinamuonetsa mpeni wanga, umene umadula mpukutu wa mapepala ngati sopo, n'kumufunsa ngati akufuna kuti ndizitembenuka m'khosi dzanja lili pansi pake. Anati amalume akunena zoona. Lamulolo linafa osaikidwa m'manda.

Chimene chinaphulitsa chithupsa ndi goloboyi. Kuli timu ya mpira ya abambo achikulire amene amasewera Loweruka kuti mimba zichepe. Wapampando wawo anabwera kudzapangitsa kalendala yokhala ndi chithunzi cha timu yonse. Ntchito ili mkati, goloboyi wawo anawathawa n'kukalowa timu ya tsidya lina la msewu waukulu. Wapampando anabwera thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti munthu ameneyo achoke pa chithunzi, sakufuna kumuona pakhoma chaka chonse. Wamkulu anakhala pansi n'kumuchotsa mwaluso. Pamene panali goloboyi anaikapo udzu ndi kachigawo ka mpanda, moti wosadziwa akanati timuyo imasewera popanda wogwira. Wapampando anayang'ana, anagwedeza mutu, anapita.

Koma kuseri Wamng'ono anali atatsegula fayilo yomweyo kuyambira m'mawa, akukonza mtundu wa majezi umene unkaoneka wofwifwa. Anamaliza, anasunga, anasindikiza. Makalendala anatuluka okongola, majezi obiriwira bwino, ndipo pakati penipeni panali goloboyi, magolovesi m'chiuno, akumwetulira.

Wapampando sanalankhule zambiri. Anangoyala kalendala pa kauntala, n'kuika chala pamphumi pa goloboyiyo, n'kufunsa ngati munthuyu ali ndi m'bale wake m'shopu muno. Wamkulu anapepesa, anamuchotsanso goloboyiyo, ndipo ulendo uno anadikira mpaka ataona ndi maso kuti mng'ono wake watseka zonse. Atasunga anapita yekha pakhomo n'kunena kuti zatha. Wamng'ono anatsegula pomwepo n'kuyatsa makina. Mapepala oyamba atafika pa tebulo langa kuti ndidule m'mbali, ndinamuona ine goloboyi uja pansi pa mpeni, magolovesi m'chiuno. Ndinaimitsa makina.

Kachingwe anati ili linali vuto linanso. Kompyuta ya kuseri ikatenga chinthu imachisunga pamtima kwa kanthawi, kuti isamavutike kufunsa bokosi pafupipafupi, ndiye inatulutsa cha pamtimacho. Palibe anamumvera. Wamkulu anali atakumbukira kuti mkazi wa goloboyi ndi amene amaluka tsitsi la Wamng'ono, ndipo kwa iye mlandu unathera pomwepo.

"Alamu," anatero kwa Kachingwe, "chingwe chimenecho mumangovala, kapena chimagwiranso ntchito? Musavutikenso. Ndikutseka khomo ili ndi njerwa. Ine ntchito zanga ndizikasindikiza kwina. Iyeyu aboole khomo lake kuseri, azilandira makasitomala ake, aziwaikira anthu amene akufuna pa zithunzi."

Wamng'ono anayankha kuti achemwali asachedwe, simenti awathandiza kukanya. Za bokosi anati alicheke pakati ndi sowo.

Ndinkayesa kuti ndi mawu a mkwiyo chabe, koma njerwa zinabwera pa wilibala n'kuunjikidwa panja, ndipo mmisiri womanga anadzayeza khomo. Aliyense wa ife ankadziwa kuti chipinda cha kumsewu popanda makina ndi benchi chabe, ndipo cha kuseri popanda kauntala ndi phokoso chabe. Zikanafa zonse ziwiri, ndipo ana a mlongo wanga akanatsala oyandikana khoma osapatsana moni. Kachingwe anasiya kudya. Ankakhala pansi pa kabati n'kumayang'ana timagetsi ta bokosi ngati timuuza chochita. Kunyumba mkazi wake ankamufunsa kuti ali mbali iti, kushopu mlamu wake ankamufunsanso chimodzimodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti kuvomera konsekonse sikukumupulumutsa.

Anabwera kwa ine kudzapempha kuti ndilowererepo monga malume. Ndinamuuza kuti kuwaitana ndiwaitana, koma zoona akazinena ndi iyeyo, pamaso pa onse awiri, ndipo mwachidule.

Tinakumana m'mawa wa tsiku limene mmisiri anabwera kudzayamba. Tinamupatsa tiyi kuti adikire panja. Kachingwe anatsegula fayilo yopanda kanthu kumsewu, anatsegulanso yomweyo kuseri, n'kuuza mkazi aliyense kuti akhale pa kompyuta yake alembe chilichonse chimene chili kumtima kwake. Kumeneko kunali kulakwitsa, koma ndinamusiya. Wamng'ono analemba mwachangu n'kusunga. Wamkulu analemba mosafulumira ndi zala ziwiri, n'kusunganso. Kachingwe anatseka konse, anadikira pang'ono, n'kutiitanira tonse kuseri kuti tione chimene chatsala m'bokosi.

Panali mzere umodzi wokha: "Mng'ono wanga ndi wamakani ngati bambo ake."

"Bambo angawo si bambo anunso?" anafunsa Wamng'ono. Kenako anasuzumira pafupi. "Nanga zanga zili kuti?"

Kachingwe anati zapita, chifukwa womaliza kusunga anali achemwali ake. Zimene Wamng'ono analemba tsiku limenelo sananene mpaka lero, ndipo mwina ndi bwino. Kenako anayamba kukumbukira mokweza mitundu yonse imene ankakonza koma n'kutuluka yofwifwa, mpaka anataya inki yabwinobwino poiganizira, mpaka anakapimitsa maso. Anatembenukira mkulu wake n'kunena kuti kani wofufuta za mnzake ndi iwo. Wamkulu anatsegula pakamwa kuti akane, koma mzere wake unali pomwepo, wokha, utakhala pamwamba pa mawu a mng'ono wake amene iye sanawaone n'komwe. Anatseka pakamwa.

Atatsegulanso, sanalankhule kwa mng'ono wake.

"Alamu, zimenezi munazidziwa liti?"

"Kalekale, alamu."

"Nanga bwanji osatseka khomo limodzi?"

Kachingwe anagwira chingwe chake ndi manja onse awiri. "Ndikanatseka la yani?"

Sindinawaonepo awiriwo atagwirizana ngati tsiku limenelo. Anamuika pakati, wina uku wina uku. Wamkulu anati mwamuna wotere akhoza kulonjeza mpando umodzi wa m'basi kwa anthu awiri. Wamng'ono anati achemwali sakudziwa kanthu, kunyumba analonjeza ana onse njinga imodzi, aliyense kuti ndi yake. Wina akaiwala mlandu, mnzake ankamukumbutsa. Kachingwe ankangoti eya, n'zoona, ndipo ulendo uno zinalidi zoona. Ine ndinawasiya kuti atope. Atatopa ndinamuuza mkamwiniyo kuti mapanga awiri avumbwitsa, wavumbwa mokwanira, tsopano anene chimene chichitike, ndipo asayang'ane nkhope ya munthu.

Anayang'ana pansi. Anati kusintha konse kuzichitikira ku khomo la kumsewu, kumene loko amagwira ntchito. Kompyuta ya kuseri izingowerenga, m'foda imodzi ya ntchito zomalizidwa, ndipo ntchito ikakonzedwanso izilowa m'fodamo ndi dzina latsopano kuti ya kuseri isatulutse za pamtima.

"Ndiye ine mitundu ndizikonzera kuti?" anafunsa mkazi wake. "Mundisiyire kakhomo kanga, ngakhale kakang'ono."

"Ayi," anatero Kachingwe.

Mawuwo anatuluka aang'ono, ngati mwana wa mphaka, koma anatuluka. Wamng'ono anamuyang'ana ngati akumuona koyamba, n'kumuuza kuti kunyumba akakambirana. Wamkulu anayamba kumwetulira, koma Kachingwe anali asanamalize. Anati mkazi wake azikonzera mitundu kumsewu, pa kompyuta ya pafupi ndi zenera, chifukwa ndi yokhayo imene imaonetsa mitundu moona. Imeneyo ndi kompyuta ya Wamkulu mwiniwake, imene ngakhale kupukuta fumbi salola wina. Wamkulu anafunsa ngati mng'ono wake sangagwiritse ina mwa ziwiri zotsalazo. Kachingwe ananenanso kuti ayi. Ayi wachiwiriyu anatuluka wonenepako.

Palibe amene ananena kuti khoma lisamangidwe. Kungoti munthu sangachoke kuseri kukakonza mitundu kumsewu kudzera m'njerwa, ndipo onse awiri anaona zimenezo nthawi imodzi. Wamkulu anatuluka kukauza mmisiri kuti pali zina zoti ziunikidwe kaye. Mmisiriyo anamaliza tiyi wake, anati mabanja onse amatero, n'kukankha wilibala yake.

Kalendala inatuluka kachitatu popanda goloboyi. Kunyumba kwa Kachingwe anakambiranadi, ndipo kwa masiku angapo ankabwera kuntchito ndi malaya osasita. Tsopano Wamng'ono amadutsa pambali panga kangapo patsiku, manja ali inki, n'kukaima kumbuyo kwa mkulu wake mpaka amupatse mpando. Amakangana za mpandowo, za chofiira, za zala zakuda pa mabatani. Koma amakangana akuyang'ana chithunzi chimodzi, ndipo kasitomala akachoka amasekera limodzi chipewa chake. Chilichonse chikavuta m'shopu, wolakwa ndi Kachingwe. Denga litadontha anafunsidwa iye. Amavomera zonse ndipo wayambanso kunenepa. Mawu akuti ayi sanawagwiritsenso ntchito kwambiri, koma akazi awiriwo akudziwa kuti ali nawo penapake.

Chinthu chimodzi chinkandivuta. Tsiku lina masana, onse awiri atapita kukaona pepala latsopano kwa wogulitsa, ndinamufunsa Kachingwe ngati n'zoona kuti padziko lonse palibe njira yoti makomo awiriwo aziona loko mmodzi.

Anayang'ana kumsewu, anayang'ana kuseri. Anati alipo mabokosi amene amayesa kutero, ndipo mwina ngakhale lathuli, munthu atalikhalira pansi bwinobwino, likhoza kuyesa. Mwina zikanatheka, mwina zikanangochepa, chifukwa pulogalamu ya m'kompyuta ya kuseri mwina siigogoda n'komwe polowa. Ndinamufunsa ngati analikhalirapo pansi.

"Sindinafufuze kwenikweni, amalume," anatero. "Ndipo ndikupempha kuti musawauze."

Ndinamuuza kuti ine bodza sindinena, ngakhale la mkamwini. Wina mwa awiriwo akadzandifunsa, ndidzanena zonse monga wandiuzira. Anati n'zoona, amalume akunena bwino.

Mpaka lero palibe wandifunsa. Njira imeneyo ikadzapezeka, aliyense adzabwerera kuchipinda chake. Akazi awiriwo si opusa, ndipo ndikuganiza kuti akudziwa chifukwa chake sakufunsa.